Mantha Ali Mbali Zonse za Chingwe

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu)

 Pulogalamu ya lero ikukamba za galu wouwa mosaletseka, amene akaona njinga, mwana kapena galu mnzake amakoka chingwe mpaka kutsamwa. Ikukambanso za munthu amene wagwira mbali ina ya chingwecho, chifukwa kawirikawiri iyeyu ndiye amaiwalika.

Malo ngati Muloza sapatsa galu mpata wopuma. Msewu wa M2 wochokera ku Limbe, wodzera ku Thyolo, Luchenza ndi pa boma la Mulanje, umathera pomwepa, pa mtsinje wa Muloza, ndipo tsidya linalo ndi Mozambique. Kusanache, othyola tiyi amakhala atayamba kale kudutsa. Kenako pamabwera njinga zakapalasa zolemedwa ndi matumba a chimanga cha kutsidya ku Milange, akabaza a njinga zamoto, magalimoto akuluakulu a katundu, ana a sukulu m'magulumagulu, ndipo tsiku la msika pa Limbuli chikhamu chimachita kuwirikiza. Kwa munthu, amenewa ndi malonda. Kwa galu womangidwa pamtengo wa mango m'mphepete mwa njira, chilichonse mwa zimenezi chikubwera kwa iye, ndipo alibe kothawira.

Zimene zimachitika m'mutu mwake sizovuta kuzitsata. Njinga ikubwera, galu wachita mantha, wauwa, wadumpha. Njinga yadutsa, yapita. Wanjingayo anali kale pa ulendo wake wa kumsika, koma galu sadziwa zimenezo. Iye wangoona kuti atauwa, choopsa chija chinachoka. Zikachitika kambirimbiri pa tsiku kwa miyezi ingapo, galu uja wamaliza maphunziro popanda mphunzitsi. Odutsa amayamba kuuzana kuti pakhomo paja pali galu wolusa, ana amayamba kumugenda, ndipo mwala uliwonse umamutsimikizira kuti sanalakwitse poopa anthu.

Akatswiri a khalidwe la ziweto amati agalu ambiri otere si olimba mtima, ndi amantha, ndipo asanalume amakhala atachenjeza kangapo. Amayasamula pamene alibe tulo, amanyambita mphuno, amatembenuza mutu kuyang'ana kumbali, makutu amagonera kumbuyo, mchira umalowa pakati pa miyendo. Zimenezi zikapanda kumveka, thupi lonse limauma, ubweya wa pamsana n'kuimirira, kenako kumamveka kulira kwa m'khosi kuja, mano n'kuonekera. Kuluma kumabwera kumapeto kwenikweni. Ngakhale kugwedeza mchira, kumene ambiri amakutenga ngati moni, sikutanthauza chimwemwe nthawi zonse. Mchira woimirira, wouma, wongonjenjemera kunsonga, ndi wa galu amene wakonzekera.

Pulogalamuyi isanapite patali, pali zinthu ziwiri zosafunika kuzisokoneza: galu wamantha ndi galu wachiwewe. Wamantha ali ndi zimene amadana nazo, ndipo khalidwe lake ndi lakalekale. Eni ake amadziwa kuti akaona njinga kapena munthu wonyamula ndodo ndiye zavuta, koma madzulo amadya bwinobwino n'kusewera ndi ana a pakhomo. Wachiwewe amasintha mwadzidzidzi. Amene anali wofatsa amayamba kulusa, wolusa amafatsa modabwitsa, dovu limachucha, mawu ake pouwa amasintha, amaluma mitengo ndi miyala, nsagwada imalendewera, miyendo imafooka, ndipo pakapita masiku owerengeka amafa. Ameneyo si wophunzitsa. Anthu amutalikire, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe msanga.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 odwala matendawa, mpaka 99 amawatengera kwa galu, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama yoganiziridwa kuti ili ndi chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoonekera mwa munthu, kuchira kumakhala kulibe. N'chifukwa chake wolumidwa aliyense, kaya galuyo akudziwika kaya ayi, ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chapafupi kapena cha boma pa Mulanje, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pachipata cha malire pa Muloza. Kupaka ubweya wa galuyo pabala sikupha kachilombo. Ndipo kuno kumalire kukumbukiridwe kuti agalu amaoloka mtsinje wa Muloza mmene akufunira, osafunsidwa chitupa cha katemera.

(Kanyimbo)

Mu Meyi 2015, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto komanso Blantyre SPCA, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Izi zinadza madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth atadandaula za kuchuluka kwa ana ofa ndi chiwewe. Cholinga chinali kufikira agalu osachepera 70 pa 100 alionse, chifukwa pamenepo ndi pamene matendawa amalephera kudumpha kuchoka pa galu wina kupita pa wina, ndipo ntchitoyo inapitirira mlingo umenewo. M'zaka zotsatira inafalikira ku Zomba ndi ku Chiradzulu.

Chochititsa chidwi pa nkhani ya lero chinatuluka pamene ogwira ntchitoyo ankayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu chifukwa chimene sanabweretsere agalu awo pamalo obayira. Ena sanamve uthenga, ena anali atachoka, ena kunawatalikira. Koma pakati pa zifukwa zikuluzikulu panali ichi: galu sagwirika. Mwini wake weniweni, amene amamupatsa mkute tsiku ndi tsiku, sangathe kumumanga chingwe n'kuyenda naye mtunda waufupi pakati pa agalu ena.

Apa ndi pamene kuphunzitsa galu kumasiya kukhala nkhani ya anthu a m'mipanda ya ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa. Galu wosagwirika ndi galu wosabayidwa, ndipo yemweyo ndiye amene tsiku lina adzaluma mwana wa pakhomo loyandikana.

Aliyense amene anaimapo pabwalo la sukulu tsiku la katemera anazionapo izi. Agalu ambiri amabwera ndi ana, wina pa chingwe cha khonje, wina pa waya, wina pa mphira ya njinga. Mnyamata akufika ndi galu wake, galu waona anzake makumi angapo pamalo amodzi, wayamba kuuwa ndi kudzigwetsa. Anthu akuseka, ena akuthawa, abambo ena akukuwa kuti, "Iwe, chotsa chigalu chakocho!" Mnyamata uja nkhope yagwa. Wathyola kamtengo, wamukwapula galu, galu waonjeza moto. Chaka chotsatira mnyamatayo adzapeza chifukwa chosabwerera, ndipo m'kaundula mudzangolembedwa kuti galu mmodzi sanafike.

Chimene chamugwira mnyamatayu ndi manyazi, ndipo manyazi ndiwo amatsogolera mavuto ambiri a eni agalu. Pa Chimalawi khomo la munthu liyenera kukhala lofikirika. Mlendo akaima patali n'kumakuwa kuti, "Odi kuno! Kulibe galu?" mwini nyumba amamva ngati akunenedwa iyeyo. Amatuluka akuthamanga, akupepesa, "Pepani mayi, saluma ameneyu, fikani," kwinaku akumuponyera galu chikuni. Mlendo akangopita, mkwiyo wonse umathera pa chiweto.

Pamwamba pa manyazi pali mantha a mlandu, ndipo amenewa si ongopeka. Galu akaluma mwana wa eni, kapena akagwira nkhuku ndi mbuzi za anansi, nkhani imakafika kwa amfumu. Pamafunika ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala maulendo angapo, chifukwa katemera wa munthu wolumidwa sabayidwa kamodzi, pamafunika chipukuta misozi, ndipo ubale wa zaka zambiri umatha kusokonekera. M'midzi ya kuno, kumene mwamuna amakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, nkhaniyi imalemera kawiri: galu wa mkamwini akaluma mdzukulu wa apongozi, akuweruzidwa si galu yekha. Bambo wotere akamayenda ndi galu wake, maso amakhala ali patali, kusakasaka chimene chingayambitse vuto.

Ndiye taonani zimene amachita akangoona njinga ikutulukira pa ngodya. Amafupikitsa chingwe, amachikulunga kudzanja, mapewa amakwera, mpweya amaugwira, mawu amasintha: "Iwe! Iwe! Usayerekeze!" Galu anali asanaione n'komwe njingayo, koma khosi lathina kale ndipo mbuye wake wanjenjemera. Chingwe chija chagwira ntchito ya lamya, uthenga wafika: kukubwera choopsa. Njinga ikamafika, galu amakhala atakonzeka, ndipo mbuye wake amati, "Mwaona? Ndinadziwa ine."

Kuti nkhawa ya munthu imalowa mwa galu wake si nthano ya okonda ziweto. Mu 2019, ofufuza a pa yunivesite ya Linköping ku Sweden anayeza tsitsi la amayi 58 ndi ubweya wa agalu awo, pofuna kuona kuchuluka kwa homoni yotchedwa cortisol, imene thupi limatulutsa likakhala pa nkhawa. Anapeza kuti milingo ya awiriwa inkayendera limodzi, m'nyengo yotentha ndi yozizira yomwe: mwini akakhala ndi yochuluka, galu nayenso chimodzimodzi. Mu 2022, pa yunivesite ya Queen's ku Belfast, anthu 36 anapatsidwa masamu ovuta owerengera pamtima, ndipo thukuta ndi mpweya wawo zinatengedwa asanayambe komanso atamaliza. Agalu anayi ophunzitsidwa ankatha kuloza fungo la munthu wopanikizika molondola maulendo oposa 93 pa 100 alionse. Munthu angathe kumwetulira pobisa mantha kwa anzake, koma mphuno ya galu siinamizika.

Mabanja a kuno amene anataya nyumba ndi minda pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kuti nkhawa imakhala nthawi yaitali bwanji m'thupi. Galu wa pakhomo lotere amakhala nayo limodzi. Kunena zimenezi si kuimba mlandu mwini galu, ngati kuti ndiye analenga vutolo. Agalu ena amabadwa amantha, ena anapwetekedwa ali aang'ono, ena akumva ululu wa khutu, wa dzino kapena wa mphere, ndipo galu wodwala sachedwa kupsa mtima. Koma pa zonsezi, chimene mwini angathe kusintha lero lomwe, popanda ndalama, ndi dzanja lake ndi mawu ake.

(Kanyimbo)

Tsopano za ndodo. Ambiri anakula akumva kuti galu samva kamodzi, amamva mkwapulo, ndipo n'zoona kuti womenyedwa amakhala chete pa nthawiyo. Funso ndi lakuti waphunzira chiyani. Mu 2009, madokotala a ziweto a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anafunsa eni agalu 140 amene anabwera kudzafuna thandizo pa khalidwe la agalu awo. Mwa amene anayesapo kumenya kapena kuponda galu, 43 pa 100 anati galuyo anabwezera mwaukali. Mu 2020, ofufuza a ku Porto, dziko la Portugal, anatsata agalu 92 ochokera m'sukulu 7 zophunzitsa agalu. Ophunzitsidwa ndi chilango ankaonetsa zizindikiro zambiri za kupanikizika, ndipo cortisol wawo ankakwera akamaliza phunziro, kusiyana ndi ophunzitsidwa ndi mphotho.

Choopsa kwambiri ndi kumenya galu chifukwa walira cham'khosi. Kulira kuja ndi chenjezo, ndi galu akupempha mpata. Akamenyedwa chifukwa chochenjeza, mantha ake sachoka, chimachoka ndi chenjezolo. Pambuyo pake ndiye mumamva anthu akuti, "Anangoluma osauwa n'komwe." Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo naye wolira cham'khosi salira pachabe.

Unyolo nawo uli ndi mlandu wake. Kafukufuku wa mu 1994 mumzinda wa Denver anapeza kuti agalu omangidwa pabwalo ankaluma pafupifupi katatu kuposa osamangidwa. Chiweto chikaopa chimakhala ndi njira ziwiri, kuthawa kapena kumenya nkhondo, ndipo unyolo umachotsa yoyambayo. Mchitidwe wotsekera galu m'kabokosi usana wonse kuti asazolowere anthu, kapena womuthirira tsabola m'chakudya kuti akhale waukali, umabaladi galu woluma. Koma galu wotereyu sasiyanitsa wakuba ndi mdzukulu wobwera kutchuthi.

Nanga m'sukulu za agalu amachita chiyani ndi galu wotere? M'mizinda ngati Johannesburg ndi London muli makalasi apadera a agalu osapirira anzawo, ndipo munthu wolowamo koyamba amadabwa ndi bata lake. Agalu amakhala ochepa, otalikirana kwambiri, nthawi zina pakati pawo pali chotchinga kuti asaonane. Palibe kukuwa. Ndipo nthawi yambiri mphunzitsi amayang'ana munthu osati galu: wagwira bwanji chingwe, akupuma kapena wagwira mpweya, waona msanga kuti makutu a galu wake asintha? Eni agalu ambiri amanena kuti chimene chinawathandiza poyamba ndi kukhala pakati pa anthu amene sakuwaseka, chifukwa aliyense pamenepo anachitapo manyazi omwewo.

Chitsanzo choyandikira moyo wa kuno chili ku Mpophomeni, pafupi ndi tauni ya Howick m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, dziko limene Amalawi ambiri akulidziwa bwino. Kumeneko, kuyambira mu 2009, bungwe la Funda Nenja limasonkhanitsa ana a m'komboni ndi agalu awo Lachisanu lililonse masana. Agalu ake ndi achikuda ngati a kuno, ana ake ndi a m'mabanja osauka, ndipo amaphunzirira pabwalo. Ana amaphunzira kuyenda ndi galu pa chingwe chosathina, kumukhazika pansi, kumuitana, zonse pogwiritsa ntchito tizakudya ndi mawu oyamikira. Agaluwo amapezerapo katemera ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Palibe chimene chili pamenepo chimene sichingatheke pabwalo la sukulu ya pulaimale ku Muloza, patakhala mlangizi wa ziweto, mphunzitsi mmodzi wachidwi ndi chilolezo cha amfumu.

Maziko a njirayi ndi akale. Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904, anaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha malovu akangomva phokoso limene linkatsogolera chakudya. Thupi la galu limalumikiza zinthu ziwiri zobwera motsatizana, iye osachita kufuna. Ngati njinga nthawi zonse imatsatidwa ndi kuthina kwa khosi ndi mkwapulo, njinga ndi mdani. Ngati nthawi zonse imatsatidwa ndi kausipa, pang'ono ndi pang'ono njinga imasanduka nkhani yabwino.

Pochita, zimayenda motere. Mwini galu amasankha nthawi imene msewu uli ndi anthu ochepa, osati tsiku la msika, ndipo galu akhale asanadye. Amaima naye patali, mwina m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba, pamalo pamene galu akuiona njinga koma sanayambe kuuwa. Mtunda umenewu ndiwo mwini nkhani yonse. Kwa galu wina ndi mamita 20, kwa wina ndi kutalika kwa bwalo la mpira. Njinga ikaonekera, galu akangoiyang'ana, mwini amanena liwu limodzi lomwelo modekha, monga "eya", n'kumupatsa kachidutswa ka usipa kapena ka nkhoko. Njinga ikapita, chakudya chimasiya. Ina ikaonekera, chimayambanso. Mphindi 5 kapena 10 zakwana.

Pakapita masiku, kapena masabata, pamachitika chinthu chimene eni agalu saiwala: galu amaona njinga, kenako yekha amatembenuka kuyang'ana mbuye wake, kufunsa za usipa. Pamenepo ndi pamene angasendere pafupi ndi mapazi angapo, osati kuposa apo. Galu akakana chakudya, kapena akayamba kuuwa, ndiye kuti ayandikira msanga. Palibe chomukalipira. Mwini amangoti, "Tiye," n'kutembenuka, kubwerera pamene anali dzulo.

Mbali ya munthu ndi yovutirapo kuposa ya galu. Chingwe chikhale chotalika mamita awiri kapena kuposerapo, cholendewera pakati, chomangidwa pa lamba wofewa wa nsalu kapena chikopa, osati waya, ndipo pakati pa lamba ndi khosi pazilowa zala ziwiri. Choopsa chikaonekera, mwini atulutse mpweya pang'onopang'ono, atsitse mapewa, alankhule ndi mawu amene amagwiritsa ntchito pomuitanira chakudya. Akhale ndi mawu okonzeratu ouza anthu, kuti manyazi asamusankhire chochita: "Pepani achimwene, dutsani chapatali pang'ono, ndikumuphunzitsa." Mawu amenewa amasintha nkhope za anthu. Amene akanatukwana amadutsa akumwetulira, ena amaima n'kufunsa. Ndipo tsiku limene munthu wadzuka ndi mtima wowawa, kaya malonda sanayende kaya kunyumba kwayambanidwa, ndi bwino phunziro lidumphe. Galu sataya kanthu popuma tsiku limodzi, koma mkwapulo umodzi ungafafanize ntchito ya mwezi.

Kubwerera m'mbuyo kumachitika. Galu amene dzulo anapirira njinga zisanu angathe kulephera lero pa imodzi, chifukwa m'mawa anagendedwa, usiku kunagunda mabingu, ndipo mantha amaunjikana m'thupi asanaphwe. Eni ambiri amagwa mphwayi pamenepa n'kunena kuti galuyu ndi wosamva kuyambira kale. Koma kawirikawiri masiku awiri a bata kuseri kwa nyumba amamubwezera pamene anali.

(Kanyimbo)

Omvera ena pofika pano afunsa kale mafunso awiri, ndipo onse ndi omveka. Loyamba: galu akafatsa, adzalondera ndani? Anthu a kuno saweta galu kuti azigona naye pampando. Amamufuna kuti auwe usiku mbala zikafuna mbuzi, athamangitse anyani m'munda wa chimanga m'mphepete mwa phiri, aperekeze amayi ku nkhuni. Yankho lake ndi lakuti kuuwa usiku pakhomo pakafika chachilendo ndi chibadwa cha galu, ndipo usipa suchotsa chibadwa chimenecho. Chimene phunziroli likuchotsa ndi kuuwira chilichonse. Galu wouwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, eni ake amasiya kudzuka akamumva, ndipo tsiku limene wakuba wafikadi aliyense amangotembenuka pamphasa. Mlonda wabwino ndi amene akauwa, bambo amatenga tochi.

Lachiwiri ndi lolemera: m'nyumba mmene ndiwo zikuperewera, usipa upite kwa galu? Palibe amene angauze mayi wa ana asanu kuti achotse ndiwo m'mbale ya mwana. Koma mphotho siyenera kukhala chakudya choonjezera. Mkute womwe uja umene galu akanaponyeredwa pansi nthawi imodzi ungadulidwe tizidutswa ting'onoting'ono, n'kupakidwa msuzi wotsala m'poto kapena kusakanizidwa ndi mitu ya usipa imene imatayidwa posadzula. Galu amadya chakudya chake chomwecho, kungoti amachilandira kuchokera m'dzanja, pa nthawi imene chikumuphunzitsa kanthu. Agalu ena amakonda mpira wa mapepala kuposa chakudya. Ngakhale agalu onunkhiza katundu wozembetsedwa m'mabwalo a ndege, malipiro awo ambiri ndi kuseweretsedwa ndi kampira.

Ntchito yonseyi imachepa kwambiri ikayambira pa kamwana ka galu. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anatha zaka zambiri akuphunzira ana agalu ku Bar Harbor ku America ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1965, anaonetsa kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira masabata atatu mpaka pafupifupi 12, pamene kagalu kamalandira mosavuta chilichonse chimene kakumana nacho. Kakaona njinga, nkhuku, mbuzi, agogo a ndodo, ana ndi akabaza m'nyengo imeneyi popanda kupwetekedwa, kamakula kakuziona ngati za masiku onse. Apa agalu a m'midzi ali ndi mwayi kuposa a m'mipanda ya m'tauni, chifukwa amakulira pakati pa anthu. Mwayiwu umatayika kagalu kakachotsedwa kwa make kasanakwane masabata 8 n'kukagulitsidwa m'mphepete mwa msewu, kapena kakatsekeredwa m'kabokosi kuti kadzakhale kolusa. Ndi nthawi yomweyi yoyenera kukazoloweretsa lamba wa m'khosi, kugwiridwa makutu ndi miyendo, ndi kunyamulidwa, kuti tsiku la katemera lisadzakhale nkhondo. Ana agalu nawonso amabayidwa katemera wa chiwewe pa kampeni, asasiyidwe kunyumba poganiza kuti achepa.

Ana a pakhomo ndi a sukulu auzidwe zawo. Galu amene akudya, amene wagona, kapena amene ali ndi ana ake sayandikiridwa. Galu wachilendo akathamangira mwana, mwanayo asathawe ndipo asakuwe. Aime chilili, manja awapinde pachifuwa, ayang'ane kumbali, mpaka galuyo atanunkhiza n'kuchoka. Akagwetsedwa, adzipinde n'kuphimba nkhope ndi khosi.

Pali agalu ena amene phunziro la kuseri kwa nyumba silingawakwanire. Amene waluma kale munthu mpaka kung'amba, makamaka mwana, afunika mpanda wolimba, chophimba kukamwa akamatuluka, ndi uphungu wa dokotala wa ziweto, ndipo nthawi zina uphunguwo umakhala wowawa kuumva. Galu akaluma munthu koma akuoneka wabwinobwino, asaphedwe mwaphuma ndipo asathamangitsidwe. Atsekeredwe pamalo otetezeka, apatsidwe chakudya ndi madzi, ndipo ayang'aniridwe kwa masiku 10 mlangizi wa ziweto akudziwa, chifukwa galu amene anali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa m'masiku amenewo. Wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo ali pakhomo: katemera ayambe tsiku lomwelo, ndipo achipatala ndi amene anene zotsatira.

Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe pa dziko lonse limakhala pa 28 Sepitembala, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene katemera wake woyamba wa matendawa anabayidwa mu 1885 kwa mnyamata wolumidwa ndi galu, Joseph Meister. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Amene ali ndi galu wosagwirika afunse kwa mlangizi wa ziweto wa dera lawo tsiku la katemera wotsatira, awerenge masabata amene atsala, ndipo ayambe ndi lamba wa m'khosi. Tsikulo likafika, apite m'mawa chikhamu chisanachuluke, aime patali ndi mzere, atume mwana kukauza obaya kuti uko kuli galu wamantha, ndipo awapemphe kuti amubayire pomwepo.



(Kanyimbo kotsekera pulogalamu)